Mutu 6: Kwalite ya a Ngozo

1. Uthenga wa kaputeni

Loweruka pa Lizulu si tsiku lopuma. Ndi tsiku la msika. Amene amanena kuti ana a masiku ano ndi aulesi akadabwera kudzaona Tisunge, mtsikana wa Fomu 3, ali chiweramire pa beseni kuyambira m'mamawa, akutsuka karoti m'madzi ozizira a mwezi wa Juni.

Atatha karoti adayamba kusankha kachewere. Atatha kachewere adakatunganso madzi. Pofika masana zala zidali zitatuwa, msana utauma gwaa ngati thabwa.

Amayi ake, Nangozo, ankamulola chinthu chimodzi chokha pa sabata yonse. Loweruka ikakwana thu koloko, ankapita kwa amalume ake kukasewera geemu ya mpira. Maola awiri. Basi.

Musaganize kuti ankangosewera yekha ndi makina. Ayi. Tisunge adali goloboyi wa timu ya pa intaneti. Inde, goloboyi wake mtsikana, ofuna kuseka aseke. Timuyo idali ya anthu asanu, aliyense ali kwawo ndi makina ake, wina ku Dedza, wina ku Mponela, ena ku Lilongwe. Sadaonanepo nkhope. Ankangomvana mawu m'mahedifoni.

Tsikulo, akupukuta manja pa chitenje, foni idalira. Udali uthenga wa Mfundo, kaputeni wawo wa ku Dedza.

"Tisu, lero ndi lomaliza. Masabata atatu ukudumpha mpira utalowa kale. Anyamata atopa nawe. Ndakuuza kangati kuti uchotse makinawo pa Kwalite uike pa Pefomansi? Ukatidyetsanso zigoli lero, tiika goloboyi wina. Usandide."

Tisunge adawerenga kawiri, nabweza foni m'thumba.

"Amayi, ndapita."

"Folo koloko ukhale uli pano," adatero Nangozo osadzutsa mutu. "Matumba awa sadzisoka okha."

2. Katundu wa ku Joni

Amalume a Tisunge, a Obed Ngozo, adakhala ku Joni zaka zisanu ndi chimodzi. Adapita ali ndi masaya, adabwera masaya atalowa m'kati. Chooneka ndi maso chimene adabwera nacho ndi makina a geemu ndi tivi yaikulu ngati chitseko. Makinawo sadali wamba. Adali amtundu watsopano, owonjezera mphamvu, ndipo pa Lizulu ponse padalibe wina amene adali nawo.

Adawaika m'kachipinda kuseri kwa golosale yawo, naikamo mabenchi anayi. Anthu ankadzaza. Ena sankadziwa n'komwe kagwiridwe ka padi yoseweretsera, ankangobwera kudzaona chithunzi. Komatu chidali chithunzi! Udzu wa m'bwalo unkaoneka tsamba ndi tsamba. Thukuta linkatsika pamphumi pa wosewera mpaka munthu kufuna kumubwereka kansalu. Mvula ikamagwa m'geemumo, anthu pa benchi ankakoka majekete.

Vuto lidali pa mawu awiri. Makina amenewa amafunsa mwini wake kuti asankhe: Kwalite kapena Pefomansi. Ukasankha Kwalite, amajambula zithunzi makumi atatu pa sekondi, chilichonse atachikongoletsa. Ukasankha Pefomansi, amajambula makumi asanu ndi limodzi, zosakongoletsa kwambiri, koma chala chikangodina, wosewera wayenda. Netiweki ya pa Lizulu imachita kale kukwawa. Uwonjezerepo kuchedwa kwa Kwalite, goloboyi wafa.

Koma mukudziwa inu tanthauzo la kwalite pa msika wa Lizulu. Kachewere wa kwalite ndi uja wamkuluwamkulu wopanda chilonda. Kaunjika wa kwalite ndi uja woyamba kutuluka m'belo. Ndani wamisala angasiye kwalite n'kutola china? Nanga pefomansi? Pefomansi ndi zisudzo zija amachita ana a sukulu kukabwera alendo.

Tisunge adapeza amalume ake akupukuta tivi ndi kansalu kofewa, anthu atayamba kale kukhala pa mabenchi. Adapinda maondo.

"Amalume, ndimati ndipemphe. Kwa lero lokha tiike pa Pefomansi. Anzanga akuti ndikuchedwa."

A Ngozo sadakalipe. Adapinda kansaluko pang'onopang'ono, nakhala pa kireti.

"Iwe mwana wa mchemwali wanga, undimve bwino, chifukwa pakamwa panga patopa. Ine ku Joni ndagulapo zinthu zabodza. Ndinagula nsapato, mvula itagwa zinasanduka katoni. Ndinagula foni, nditafika kunyumba ndinapeza m'bokosi muli sopo. Ndinagula jekete lachikopa, dzuwa litaliwomba linafundula ngati njoka. Mmalawi ukafika kumeneko amakuonera patali, amadziwa kuti ndiwo yabwera yokha. Zaka zonsezi ndakhala ndikutsuka magalimoto a eni, manja ali m'madzi, chisanu chikulowa mpaka m'mafupa. Chinthu chimodzi chokha chimene sanandinamize ndi ichi. Mnzanga Chrispine anandiperekeza kusitolo yeniyeni, ya magalasi, ndipo makinawa amalemba okha kuti kwalite. Tsopano iwe ukuti ndichotse kwalite ndiike zisudzo? Ngati anzako akuti ukuchedwa, ndiye kuti ukuchedwa iweyo. Wolephera gule amati bwalo lachepa. Ndinanena kale, ndipo ndikunenanso pamaso pa anthu awa: amene adzalowe m'kati mwa makinawa n'kusintha kanthu, kaya ndi mwana wa mchemwali wanga, kaya ndi abusa, chipinda chino asadzapondemonso."

"Wamva, goloboyi?" adatero a Lucky, bambo wonyamula matumba pa msika, amene sankaphonya Loweruka ngakhale limodzi. "Eni kwalite alamula."

Tisunge adavala mahedifoni. 

3. Mpira utalowa kale

Mpikisano wa tsikulo udali wa masewero awiri ndi timu ya ku Zomba, kenako kuphatikiza zigoli. Opambana apitirire, ogonja atuluke.

Masewero oyamba adayamba mokongola, palibe angakane. Dzuwa linkawala m'bwalo, zithunzithunzi za osewera zikuthamanga nawo pa udzu. Anthu pa mabenchi ankangoti, "Eee, azungu!"

Kenako wa ku Zomba adamenya mpira. Tisunge adauona, adadina. Goloboyi wake adaima kaye ngati akufunsa njira, n'kudumpha mpira uli kale mu ukonde.

"Goloboyi wathuyu ndi waulemu," adatero a Lucky. "Amayamba waupatsa moni mpira, n'kuuuza kuti pitani bwino."

Chipinda chonse chidaseka.

Chigoli chachiwiri chidalowa chimodzimodzi.  Kenako m'mahedifoni mudamveka mawu a Mfundo, otsika, a munthu amene watopa ndi kukalipa.

"Tisu. Chonde."

Wina wa ku Lilongwe sadabise. "Mfundo, tangoitana wina uja. Tikutaya bandulo pachabe apa."

Masewero oyamba adatha ziwiri kwa duu, a ku Zomba ali patsogolo. Padali mphindi khumi zopuma.

Panja lole ya zakumwa idaliza hutala, a Ngozo natuluka kukalandira makireti. Anthu nawonso adamwazika, ena ku chiwaya cha tchipisi, ena kuseri kwa mpanda. Tisunge adatsala yekha, padi ili pamiyendo.

Tisaname, sadalimbane ndi mtima wake nthawi yaitali. Munthu wotopa salimbana nthawi yaitali. Adayang'ana kukhomo, nadina kanayi. Kamzere kadachoka pa Kwalite, kadatsikira pa Pefomansi. Tivi idaphethira kamodzi, n'kuyakanso.

4. Udzu wapita kuti?

Anthu atabwerera ndi timapepala ta tchipisi, masewero achiwiri adali atayamba.

"Aaa! Udzu wapita kuti?" adafunsa wina.

Udzu udalipo, koma tsopano udali wobiriwira chabe ngati mphasa yopaka penti. Thukuta lija kudalibe. Nkhope za ochemerera m'bwalo zidangoti mbuu.

"Atchetcha pa hafu taimu," adatero a Lucky.

"Ndi netiweki imeneyo. Yawoloka msewu, yapita ku Mozambiki."

Palibe adaganizira mtsikana. Ndani amaganizira mtsikana wotsuka karoti?

Wa ku Zomba uja adabweranso, namenya mpira pakona. Tisunge adadina. Goloboyi adauluka nthawi yomweyo, mpira n'kuugwira ngati mwana wake.

Pa mabenchi padabuka phokoso.

"Wasintha!" adakuwa Mfundo m'mahedifoni. "Anyamata, Tisu wasintha! Tiyeni kutsogolo!"

Timu ikadziwa kuti kumbuyo kuli munthu, miyendo imapepuka. Mfundo adagoletsa. Wa ku Mponela adagoletsa. Mfundo adagoletsanso. Tisunge adabweza mipira isanu, zala zotuwa zija zikuyenda zokha. Anthu adaiwala za udzu. A Lucky adaimirira pa benchi, tchipisi chikugwera pansi.

Itatsala mphindi imodzi, oyimbira adapereka penate kwa a ku Zomba. Ikadalowa, ntchito yonse ikadapita m'madzi. Tisunge adapuma kamodzi, nadikira phazi la womenya, nadina kumanzere. Mpira udagunda manja, n'kutuluka kunja.

Wezulo idalira. Zitatu kwa ziwiri, zonse pamodzi. Anthu ankamenya mabenchi, ena akuvina.

Munthu mmodzi yekha sadavine. A Ngozo adali ataima pakhomo, fumbi la makireti lili m'manja. Sadayang'ane zigoli. Ankayang'ana udzu.

5. "Andiberanso"

Adayenda pang'onopang'ono mpaka pa tivi, naigwira ndi chala ngati munthu woyesa thupi la mwana wodwala. Kenako adazula chingwe kukhoma. Tivi idati bii.

"Andiberanso," adatero motsitsa mawu. "Miyezi isanu yokha. Penti yatha, zatsala zenizeni."

"Iyayi a Ngozo, ndi netiweki chabe," adatero wina.

"Netiweki imadya udzu? Ndi ng'ombe?"

Adatulutsa foni, naimbira ku Joni, naika pa sipika kuti aliyense amve. Mawu a mwamuna adayankha mokondwa.

"Ngozo! Kwagwanji kumudziko?"

"Chrispine, unadyapo zingati?"

"Ukuti bwanji?"

"Ndikuti iwe ndi mwenye wa sitolo uja munagawana zingati pa mutu wanga? Makina ako afundula. Unandiyendetsa tauni yonse, n'kumandiuza kuti apa mpabwino, usaope. Unkadziwa! Iwe ndi ine tinabatizidwa tsiku limodzi ku Biriwiri, lero wandigulitsa ngati mbuzi ya pa msika. Wakuba iwe!"

 Mawu a Chrispine adabweranso, atasweka.

"Ngozo, ine? Ine amene ndinakugoneka pa matiresi anga miyezi inayi, ineyo ndikugona pansi? Ukunena ine?"

Tisunge adali atafika kale pakhomo. Palibe ankamuyang'ana. Folo koloko idali itakwana, amayi ake akudikira, msewu uli apo. Adaponda phazi limodzi panja.

Adabwerera. Adagwada pakati pa mabenchi, pa simenti yozizira.

"Amalume, dulani foni. Si a Chrispine. Ndine."

A Ngozo adatembenuka.

"Makinawa sanawonongeke. Ndinasintha ine mutatuluka. Ndinachotsa pa Kwalite, ndinaika pa Pefomansi. Mukalumikiza, ndikubwezerani udzu wanu wonse pompano."

Foni idali ikadali pa sipika. Chrispine adamva zonse. Adangoti, "Zikomo, Ngozo," n'kudula.

Bwenzi zitathera pomwepo, koma pali anthu ena amene pakamwa pawo palibe chitseko. A Lucky adakanda mutu.

"Dikirani kaye. Ndiye kuti zisudzo zija ndi zimene zatiwinitsa? Kwalite ija ndi imene imatidyetsa zigoli masabata onsewa?"

Mmodzi adaseka. Wachiwiri. Kenako chipinda chonse, anthu omwe aja ankati "eee, azungu." Anthu ndi otero. Amadya nawe chithunzi, n'kukuseka ukagwa.

A Ngozo adaima pakati pa kuseka kumeneko, chingwe chili m'manja. Sadakweze mawu.

"Tuluka," adatero kwa Tisunge. "Unamva chimene ndinanena."

6. Mawu a Nangozo

Nkhani pa Lizulu imathamanga kuposa minibasi. Tisunge asanafike pa malo a amayi ake, Nangozo adali atamva kale. Adamuponyera singano ndi chingwe.

"Soka. Uzimva uku ukusoka."

Tisunge adagwada pa thumba la kachewere.

"Usayembekeze kuti ndikuombera m'manja chifukwa waulula. Kuulula ndi kukolopa madzi amene wataya wekha. Makina aja ndi ako? Unatsukako galimoto ku Joni iwe? Unali ndi choona m'kamwa, inde, ndamva, unali nacho. Koma choona ukachilowetsa pa windo, eni nyumba amachiyesa mbava. Amalume ako anakana, bwanji sunabwere kwa ine? Ndinafa? Ukanati amayi, tiyeni mukandithandize kuwafotokozera, bwenzi titapita tonse m'mawa, chipinda chilibe anthu, n'kuwaonetsa ndi maso awo. Munthu wamkulu amamva akakhala yekha. Pagulu samva, amangoteteza nkhope. Iwe wadikira atuluke, wachita chako, ndipo taona. Mchimwene wanga wasekedwa ndi anthu onyamula matumba m'nyumba yake yomwe. Watukwana mnzake amene anamusunga, pamaso pa msika wonse, ndipo mawu amenewo sabwerera m'kamwa. Mpira wako wawina, chabwino. Tiudya? Kusukulu akuphunzitsani kuwerenga Chingerezi cha pa makina, koma sanakuphunzitseni kuti amene sadziwa kuwerengayo naye ali ndi manyazi. Nzeru zopanda ulemu ndi mpeni wopanda chigwiriro, umacheka mwini wake. Soka bwino apo, ukusiya mpata."

Tisunge adasoka. Misozi idagwera pa thumba, koma manja sadaime.

Foni idalira. Adaipukuta ndi chigongono, nawerenga.

"Tisu, ndiwe goloboyi wathu, nkhani yatha. Anyamata akuti pepa. Loweruka thu koloko tikumana ndi a ku Mzuzu. Usasinthe chilichonse."

Adaiika pansi, chafufumimba.

"Akuti chiyani?" adafunsa Nangozo.

"Akuti malo ndi anga."

"Malo ndi ako. Usewerera pa chiyani, pa beseni?"

Tisunge adaimitsa singano. Maso ake adali kumsewu. Nangozo adatsatira maso a mwanayo.

Pa siteji, pakati pa madengu a tomato ndi anyamata oitanira, padaima a Ngozo. Adali atavala jekete la ulendo. Paphewa adali atasenza bokosi loyera la makina aja, limene adabwera nalo kuchokera ku Joni, atalimanga ndi chingwe cha sisaliti. Minibasi ya ku Lilongwe idaima, kondakitala natambasula manja kulandira bokosilo.

Pa Lizulu ponse padalibe makina ena.

Nangozo adayang'ana mwana wake, nayang'ana mchimwene wake. Adausa moyo ngati munthu amene wauzidwa kuti mtolo wina watsala kuphiri. Kenako adadzuka, namanga chitenje mwamphamvu.

"Khala pompo. Ukachoka pa matumba awa undiona."

Adadutsa pakati pa madengu osapepesa aliyense, nakuwa dzina limene munthu sadawaitanepo nalo a Ngozo chibwerere ku Joni, dzina la paubwana, msika wonse ukumva.

"Obedi! Iwe Obedi! Tsitsa bokosilo!"

A Ngozo adali ataponda kale phazi limodzi m'minibasi. Kondakitala adamenya chitseko kawiri, injini n'kulira.